Kabatani Kofufutira Chofiira

Kawale, Lachitatu madzulo

Halima, mwana wanga, mayi anga,

Mtendere ukhale nawe kumene kalatayi yakupeza, kaya ndi m'mitambo, kaya watera kale.

Ndakhala pakhonde ndi peni chifukwa m'nyumbamu mulibe malo a munthu wamwamuna lero. Amayi ako ndi azakhali ako akulimbana ndi sutikesi yako. Wina akulongamo usipa wouma, wina akuutulutsa ati pa eyapoti akakulanda, ndipo onse awiri akundiitana kuti ndiweruze. Ndakana. Iwe wapita kukatsanzika anzako, dzuwa likadalipo, ndiye ndati ndilembe. Mawa ndikudzidziwa ine, sindidzayankhula chanzeru. Ndidzangokufunsa kuti pasipoti ili kuti, ukandionetsa ndidzafunsanso. Uwerenge ndege ikanyamuka, osati pamaso panga, ungayambe kundikonzera zilembo.

Za kupemphera swala, za kufunsa nyama usanaike m'kamwa, za kuvala zotentha, amayi ako akuuza mpaka makutu ako atopa, ndipo akuuzanso mawa m'galimoto. Ine ndasankha kanthu kamodzi kakang'ono. Ndikufuna tikambe za kabatani kaja ka m'foni mwako, kofufutira chofiira.

Usaseke, mayi. Ndikukuona ukuseka.

Ndiyambe ndi momwe ndinkaonera ine wokhala pambali. A sukulu ya ku Japan atakuuza kuti akutenga kukaphunzira zamakina, anatinso uyambiretu kudziwa zilembo zawo usanafike. Unaika pulogalamu ya makhadi m'foni. Khadi limabwera ndi chilembo chimodzi, zija amati kanji, zooneka ngati mpanda wa nsungwi umene wagwa ndi mphepo, iwe n'kulemba tanthauzo lake ndi katchulidwe kake. Ukakhoza, sikirini imabiriwira, khadilo limachoka kuti lidzabwere patapita masiku. Ukadzalikhozanso limapita kutali, sabata, mwezi, miyezi, mpaka pulogalamuyo ikhutire kuti chilembocho chakhazikika m'mutu, osakuonetsanso. Koma ukalakwa, sikirini imafiira psuu, khadilo osapita patali, mawa m'mawa ndi ilo labweranso. Ine ndinaikonda pulogalamuyo tsiku loyamba lomwe. Ndinati uyu ndiye mphunzitsi, woposa a Mwalimu amene anandiphunzitsa alifu ndi be ku madrasa kwathu ku Mangochi. Sapsa mtima, alibe kamtengo m'manja, koma saiwala pamene mwana ali wofooka.

Zilembo zimenezi ine ndakhala nazo zaka zambiri kuposa iwe, kungoti sitinkalankhulana. Galimoto iliyonse imene imabwera pagalaja ku Biwi kuti ndiikonze mawaya inabadwira komweko ukupitako. Ukailiza, mayi uja wa m'dashibodi amakupatsa moni m'Chijapani, ife n'kumangoyankha kuti zikomo mayi, nafenso tadzuka. Mabatani a wailesi ndimawadziwa ndi malo ake, lachiwiri kumanzere, kenako lapansi. Tanthauzo lake ayi. Ndiye tsiku limene unaima pageti n'kundiwerengera zolembedwa m'mbali mwa minibasi ya a Chisale, kuti kwawoko inkanyamula ana a sukulu ya mkaka, ine mutu unakula. Ndinakagona ndikuseka, kuganiza za madoda a ndevu amene amapanikizana m'menemo m'mawa uliwonse. Kuyambira pamenepo panalibe amene anapuma. Ogulitsa masipeya anamva, anzanga a kumzikiti anamva, ngakhale wowotcha chimanga pakona anamva kuti mwana wa Yusufu amawerenga Chijapani ngati nyuzi. Ndipo madzulo aliwonse ndikamavula nsapato pakhomo, funso langa linali limodzi: "Zobiriwira zingati lero?"

Kabatani kaja anakuonetsa ndi anzako a pagulu la pafoni amene munkaphunzira limodzi. Amene anakapanga anali munthu wachifundo, ndipo ndikuganiza kuti anakwerapo minibasi. Munthu walidziwa yankho bwinobwino, akulilemba, tayala lagwera m'dzenje, chala chatsetsereka, sikirini psuu. Kumeneko si kusadziwa, ndi msewu wa ku Kawale. Ndiye umadina kabataniko, chofiira chimafufutika, khadi limawerengedwa kuti wakhoza n'kupita ulendo wake. Utandilongosolera ndinati n'zoona, chilango chisagwere munthu wosalakwa.

Koma chala chako chachikulu ndinkachiona, mayi. Ine ntchito yanga ndi kuyang'ana tinthu ting'onoting'ono. Poyamba chinkapita pakabatanipo mwa apo ndi apo. Patapita miyezi chinazolowera njira, chinkafika chisanatumidwe. Chofiira sichinkakhalitsa n'komwe, chinkangoti phethi, kwabiriwira kale. Ndipo sunali m'minibasi, unali pampando wa pabalaza, wosagwedezeka. Tsiku lina ndinakufunsa.

"Nanga icho chafiiracho?"

"Ndimachidziwa, Ababa. Chinangondithawa pang'ono."

Ndinavomera msanga. Zobiriwira ndinkazikonda inenso.

Nkhani ya ku Nathenje waimva kambirimbiri, amayi ako amaikamba paukwati uliwonse, koma imve kamodzi kuchokera kwa mwini wake. Nthawi imeneyo ndinali ndikuphunzira ntchito kwa malemu Che Saidi, ndipo ndinali nditayamba kuzungulirazungulira pageti pa agogo ako, bambo a amayi ako. Iwo anali ndi pikapu yakale yonyamulira nsomba zouma. Tsiku lina anaibweretsa pagalaja, ati kagetsi kofiira ka oyilo kakuyaka ndipo mawa ali ndi ulendo wa ku Mangochi. Che Saidi kunalibe. Pa Biwi pali kachitidwe kathu kamene sitikamba pamaso pa kasitomala. Getsi likamavuta, mwini galimoto ali ndi changu, umatsegula dashibodi, n'kuzula kababu, kapena kumatapo katepi kakuda kumbuyo. Masiku ano achinyamata amachita ndi kompyuta, amalumikiza n'kufufuta, koma ndi katepi komweko kavala suti. Ine ndinamata. Agogo ako anayatsa galimoto, padashibodi pali bii, anandigwira paphewa.

"Mnyamata uyu ndi dokotala," anatero. "Uzibwera kunyumba, uzidzamwa tiyi."

Ndinayenda ngati ndagula Biwi yense tsiku limenelo. Mawa lake injini inauma gwa atangopitirira Nathenje, amayi ako ali kumbuyo ndi mbuzi ya sadaka, dzuwa lili pamutu. Anabwerera chokokedwa. Pampu ya oyilo inali itatha, ndipo m'galimoto yonse ija chinthu chokhacho chimene chinkanena zoona chinali kagetsi kaja ndinakatseka pakamwa. Tiyi uja ndinadzamumwa patapita chaka, ndipo mpaka kumwalira kwawo agogo ako ankandiitana kuti Dokotala alendo akakhalapo.

Ndiye ukuona, pamene ndinkayang'ana chala chako ndinkadziwa chimene ndikuona. Ndinangosankha kuyang'ana kumbali.

Nathenje wako iwe anakupeza pagalaja, ndipo amene anakukokerako ndine. Ukukumbukira mayi uja wogulitsa zitenje, wa kagalimoto koyera kongofika kumene? Kankalira tswii, tswii, pasikirini pakubwera mawu a Chijapani. Ndikanayamba ndi kuyesa zimene ndimayesa masiku onse, bwenzi nkhani itatha tiyi asanazizire. Koma iwe unali utandibweretsera chakudya, anthu anali ambiri pamthunzi, ine ndinafuna aone.

"Dikirani, mayi," ndinatero mokweza kuti a galaja yoyandikana amve. "Pano tili ndi womasulira wathuwathu."

Unasuzumira pawindo. Ndinaona maso ako akuyenda pamzere uja n'kuima. Mawu oti kiyi unawawerenga. Kutsogoloko kunali chilembo chimene nkhope yake unkaidziwa koma dzina ayi, ngati munthu amene umakumana naye pampopi. Anthu akudikira, ine ndikumwetulira ngati mkwati. Kenako unamasulira.

"Akuti kiyi uyu si wa galimotoyi."

Mayi uja anaika manja m'chiuno. "Si wa galimotoyi? Ndiye weniweniyo ali kwa ndani? Abambo akunyumba anati makiyi anabwera awiri. Winayo anapatsa ndani?" Foni inali kale kukhutu. Ine ndinaona banja la anthu likupasuka pagalaja panga masana dzuwa likuswa mtengo. Iwe unatulutsa foni yako msangamsanga, unajambula sikirini ija kuti ikumasulire, nkhope yako inagwa. Uthengawo unkangoti batire la kiyi latsala pang'ono kutha. Ndinasintha kabatire, ndinapepesa mayi uja, ndinapepesanso abambo awo pafoni amene sankadziwa n'komwe chimene alakwa. Anthu anaseka mpaka wina anakhala pansi patayala.

Pobwerera kunyumba tinayenda wapansi mpaka pamsika. Pamenepo ndiye unati, "Ababa, batire kwawoko amalilemba ndi zilembo ziwiri, cha magetsi ndi cha dziwe. Cha dziwecho foni imati ndimachidziwa. Chinapita kalekale, chimayenera kudzabwera chaka chamawa." Kenako unati, "Sindinachikhozepo ndi kamodzi komwe. Ndinkangodina." Ndikuuze zoona, mwana wanga, pazinthu zonse zimene wandinyaditsa nazo, satifiketi zako zonse zili pakhoma zija, palibe chimene chinandikhudza mtima ngati mawu amenewo. Ine zinanditengera injini yathunthu ndi mbuzi kuti ndinene mawu otero.

Zimene unachita Loweruka lotsatira sindidzaiwala. Unakhala pamkeka kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuitana makhadi onse amene unawathamangitsa ndi bodza. Limodzilimodzi unkaliyang'ana, ukakayika n'kulibweza poyambira. Pofika madzulo mulu wa makhadi okudikira unali utatupa, ndipo pagulu lanu lija, pamene dzina lako linkakhala pamwamba, unatsikira kumunsi kwenikweni. Anzako anakufunsa ngati foni yawonongeka. Unawayankha kuti ayi, yangochira. Masabata otsatira m'nyumba muno munali mofiira mokhamokha, koma zilembo zinayamba kukhala. Cha dziwe chija lero ukhoza kuchilemba ndi chala paufa uli m'tulo.

Koma iwe ndiwe mwana wanga, sudziwa kuima pakati. Utachoka uku unakagwera uko. Unalumbira kuti kabatani kaja sudzakakhudzanso. Sikirini ya foni yako inali ndi mng'alu pakona, malo ena ukadina chilembo china pankabwera china, iwe osakonza. Magetsi akazima uli pakati polemba, wadina molakwika mumdima, iwe osakonza. Chilembo cha munthu, chija cha timizere tiwiri chimene ngakhale ine ndimachidziwa, chinkabwera m'mawa uliwonse ngati wodwala wosachira, kukudyera nthawi ya zilembo zovuta zimene zinkakufunadi. Unayamba kuonda, tiyi ankazizira m'kapu. Ine ndinkati ndi khama. Amayi ako ndi amene anaona kuti si khama.

"Halima, chimenecho sukuchidziwa?"

"Ndikuchidziwa, Amayi. Chala chinaphonya."

"Ndiye ukudzilangiranji?"

"Ndinanamapo kale. Ndisadzikhulupirirenso."

"Iwe," anatero amayi ako akupukuta manja pachitenje, "kunena kuti sudziwa chimene ukuchidziwa ndi bodzanso. Langovala nkhope yachisoni. Dina apo, udye."

Amayi ako sanaphunzire za makhadi, koma anakhala ndi ine, ndiye matendawa ankawadziwa. Zitachitika za ku Nathenje zija ndinasanduka munthu woopa getsi lililonse. Panabwera minibasi ina, kagetsi ka batire kakuphethiraphethira. Ndinati ulendo uno sindimata kanthu, ndifufuza mpaka pansi. Ndinamasula dashibodi yonse, ndinatulutsa mawaya kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndinawayala pansi ngati matumbo a ng'ombe. Sabata inatha. Dalaivala ndi kondakitala ankabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pabenchi, kumangondiyang'ana, ana awo kunyumba akudikira. Che Saidi atatopa nazo anabwera, anagwira kawaya kamodzi kuseri kwa kababu komweko, kanali kolendewera, anakakankha ndi chala. Getsi linazima. Galimoto inalibe vuto lililonse, ndipo kubwezeretsa mawaya aja kunanditengera sabata inanso.

Ndiye tamvera, mayi. Getsi likayaka usalitseke pakamwa, komanso usagwetse galimoto yonse. Uyang'ane kaye. Ndi zomwezo pamakhadi ako, ndipo kumeneko adzachuluka, chifukwa zilembo zimene wadziwazi akuti ndi chiyambi chabe. Sikirini ikafiira, chotsa chala pafoni. Chiike pabondo. Upume kamodzi, kenako udzifunse funso limodzi lokha: yankho linali m'mutu mwanga chofiira chisanabwere, kapena labwera nditaliona? Ngati linalimo, ndipo chaphonya ndi chala, konza, usadzizunze, pitirira. Ngati walemba mawu ena ofanana tanthauzo ndi amene khadi likufuna, konzanso, ndipo mawu akowo uwaonjezere pakhadipo kuti mawa musadzakanganenso. Koma ngati unaona yankho n'kunena kuti "aa, inde, ndimachidziwa," kumeneko si kudziwa, mwana wanga. Aliyense amachidziwa chinthu akachiona. Lisiye khadilo libwere mawa.

Pali ena a pakati, amene umakhoza koma utakanda m'mutu nthawi yaitali. Amenewo udzifunse kuti mayi wa zitenje uja ataima pamaso pako, manja m'chiuno, ungatchule? Ngati ayi, labiriwira pachabe, libweze. Ndipo khadi limene likukugwetsa mobwerezabwereza usalide, komanso usamangolimenya ndi mutu momwemo. Likukuuza kuti njira imene ukuligwirira si yake. Lilembe ndi dzanja papepala, ulipangire kankhani koseketsa monga unkachitira, kapena ufunse mwini chilankhulo, poti kumeneko adzakhala ponseponse, m'sitolo, m'basi, m'kalasi. Kufunsa usachite nako manyazi. Mlendo amene akuti sindikudziwa anthu amamuthandiza, koma amene akugwedeza mutu kuti wamva amamusiya apite ndi basi yolakwika.

Ndikubwereza, chala pabondo kaye.

Tsopano ndifike pamene ndimafuna kufika, chifukwa sindinatsekere galaja msanga makhadi okha. Usanabadwe ndinapitako ku Joni, ukudziwa, monga anyamata onse a kwathu. Ukudziwanso kuti sizinayende. Ndinkagona m'galimoto zakufa kuseri kwa galaja ya munthu, chifuwa chinandigwira nyengo yozizira, ntchito inali ya lero ilipo mawa kulibe. Koma ndikaimba foni kwa a sitolo a pafupi ndi kwathu kuti andiitanire amayi anga, agogo ako amene unatenga dzina lawo, mawu anga ankakhala onona. "Kuno zonse zili bwino, Amayi. Ndanenepa." Iwo anakhulupirira, nanga akanatani? Anali ndi ana ena amene mavuto awo ankaoneka ndi maso, ndiye mtima wawo unapita kumeneko. Ine anandiika patali, pa ana amene zawo zili bwino, monga momwe pulogalamu yako imachitira ndi khadi lobiriwira.

Nditabwerera anandiona ndikutsika basi, thalauza nditamanga ndi chingwe. Sanalire. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Yusufu, unkati wanenepa."

"Sindinafune kukudandaulitsani, Amayi."

"Kudandaula ndi ntchito yanga," anatero. "Nthawi yonseyi ndimapemphera kuthokoza, pamene ndimayenera kupempha. Wandipempheretsa pemphero lolakwika."

Anandiphikira phala, anandisamalira mpaka ndinachira, koma mawu amenewo sanawabweze.

Ichi ndicho ndikuopa, Halima. Sindikuopa kuzizira, jekete tagula. Sindikuopa sukulu, mutu uli nawo. Ndikuopa chala chako chija, kuti tikamadzakuimbira chidzafika pakabatani chisanatumidwe. Kudzakhala masiku amene mphunzitsi adzalankhula ola lonse iwe osatolapo kanthu. Kudzakhala masiku amene udzadya wekha, anthu adzakuyang'ana m'sitima chifukwa cha mpango wako ndi khungu lako, Ramadani idzakupeza wopanda womasula naye. Tsiku lotero foni ikalira, ukaona kuti ndi ife, usafufute. Unene kuti lero kwafiira. Sitidzakwera ndege, sitingathe, koma tidzakuimbiranso mawa lake m'malo modikira Lamlungu, ndipo amayi ako adzadziwa pemphero loyenera. Komanso tsiku limene zili bwino unene kuti zili bwino, usatipangire mavuto kuti tikukhulupirire. Amayi ako anakuuza kale za bodza la nkhope yachisoni.

Mbali yanga ndikuidziwa. Kabatani kaja sunkadinira foni, unkadinira munthu amene ankavula nsapato pakhomo n'kumafunsa zobiriwira. Funso limenelo ndalisiya. Ndikamadzaimba ndizidzafunsa kuti, "Mayi, sabata ino chakugwetsa n'chiyani?" Ndipo ukadzati palibe, ndidzafunsanso, monga za pasipoti. A kumzikiti ndi ogulitsa masipeya ndizidzawauzabe za iwe, pamenepo usandiletse, ndine bambo. Koma ndizidzawauza kuti mwana wanga akuphunzira, osati amadziwa zonse.

Mtima wanga uli m'malo, usaganize kuti ndikulemba ndi misozi. Ndakuona ukugwa pamaso pa anthu, ndakuona ukudzuka wekha pamkeka paja popanda wokutuma. Munthu wotero ndikhoza kumuperekeza ku eyapoti.

Kwatsala kanthu kamodzi, ndipo apa ukhoza kuseka ndithu. Makhadi aja unandiikira m'foni mwanga mwezi watha, a zilembo za padashibodi, ndikuchita nawo m'mawa uliwonse ndikachoka ku swala. Unachita bwino kujambulamo mawu ako, chifukwa ine katchulidwe ka Chijapani kolemba sindingakathe. Ndimadina, iwe n'kutchula, kenako n'kunena m'Chichewa. Chitseko. Mafuta. Kutentha. Magetsi ndi dziwe. Mdala wako si mbuli kwenikweni, ambiri ndayamba kuwakhoza, ndipo kabatani kofufutira sindinakakhudze, ungafunse amayi ako. Koma ndazindikira chinthu chimene sunandiuze. Khadi ndikalikhoza limapita, ndipo limapita ndi mawu ako. La chitseko ndinalimva komaliza sabata yatha, foni ikuti lidzabwera mwezi wamawa. Ndikalimbikira chonchi, pofika nthawi ya mvula m'foni muno mudzakhala zii.

Pali khadi lina unaliika kumapeto, losakhudza galimoto. Chilembo cha kubwerera kwanu. Unandiuza kuti mbali yake yakumanja ndi tsache, ine ndinati n'zoona, wobwera kwawo amapeza pabwalo posesa. Pojambula mawu a khadi limenelo unatchula Chijapani chake bwinobwino, kenako unati, "Kubwerera kunyumba, Ababa," n'kuyamba kuseka, chifukwa kumbuyo amayi ako akumveka akukalipa kuti ndani wasiya mpopi ukutayika. Unati ujambulanso, ine ndinakana.

Chilembo chimenecho ndimachidziwa, mayi. Ndinachidziwa tsiku loyamba. Ndikhoza kuchijambula ndi sipanala pafumbi la pagalaja. Koma m'mawa uliwonse chikabwera ndimalemba zolakwika dala, sikirini psuu, ndipo mawa lake ndi icho chabweranso, iwe n'kuseka, amayi ako n'kukalipa za mpopi. Ndakulembera masamba onsewa kuti usanamize pulogalamu, ndipo sindikubweza liwu ndi limodzi lomwe. Iwe uli ndi mayeso, ine ndilibe. Pulogalamuyo iziganiza kuti bambo ako ndi wouma mutu, kuti chilembo chimodzi chamukanika zaka. Isiye iganize.

Ndidzachikhoza tsiku limene udzagogode pageti.

Akundiitananso m'nyumbamu. Zikuoneka kuti usipa wapambana, ukupita nawo. Akakakulanda pa eyapoti usakangane nawo, ndipo amayi ako akadzafunsa udzawauze zoona.

Mulungu akutsogolere popita, akusunge uli kumeneko, akubwezere kwa ife.

Ndine bambo ako,
Yusufu, amene agogo ako ankati Dokotala